A Fyness ndi Mbendera ya Mafumu a ku France

A Fyness Namalomba sangaone nsalu yakuda n'kuidutsa. Ndikunena zimenezi monga munthu amene wakhala nawo nyumba imodzi kuno ku Rotherham, ku UK, amene tsiku lina anabwerako ku ntchito n'kupeza makatani a kuchipinda kwake ali pachingwe, mwini wakene osafunsidwa. Ukadandaula amangokuyang'ana ngati mutu wako sukuyenda bwino. “Nanga iwe Alinane, umafuna anthu aziti muno mumakhala anthu otani?” Anthu amene azinena zimenezowo ine sindinawaonepo, koma a Fyness amawaopa kuposa a imigireshoni.

Si vuto lawo ayi, ndi magazi. Bambo awo anali dobi ku Limbe, wochapira amwenye a m'masitolo, ndipo ana onse a m'nyumbamo anakula manja ali m'thovu. A Fyness anadziwa kukupiza simbi ya makala asanadziwe kulemba dzina lawo. Atakula analowa ntchito yochapa pa chipatala china cha mishoni, kumene ankalandira nsalu zimene ine ndi inu sitingafune kuzigwira ngakhale ndi mtengo, n'kuzibweza zili mbee. Ku Mvano amayi anzawo ankakana kuima nawo pafupi pojambulitsa, chifukwa bulauzi ya a Fyness inkachititsa mabulauzi ena onse kuoneka ngati achapidwa m'chithaphwi. Amuna awo atamwalira anatsala ndi ana awiri, Luntha ndi Sosten, ndipo malipiro a kochapa kuja ankatha mwezi usanafike n'komwe pakati. Mu 2022 anapeza mwayi wobwera kuno pa viza yosamalira okalamba. Ana anawasiya kwa mchemwali wawo ku Chirimba, onse awiri ali pasukulu.

Viza imeneyi muimvetse bwino. Imakumangirira ku kampani imene inakuitana. Kampaniyo ikakuchotsa ntchito, amakupatsa kanthawi kochepa kuti upeze ina yokuvomera, ndipo ukalephera umalongedza chikwama. Kampani ina sithamangira munthu wochotsedwa chifukwa choononga katundu wa nkhalamba. Tonsefe timayenda ndi mantha amenewo m'thumba, pamodzi ndi magolovesi ndi khadi ya basi.

Mwa nkhalamba zimene tinkayendera m'nyumba zawo munali a Ernest, bambo wa zaka zoposa makumi asanu ndi atatu. Miyendo inali itawakana, moti madzulo tinkapita awiri kukawanyamula ndi makina, koma mutu unali wakuthwa ngati lumo. Anagwira ntchito pa fakitale ya zitsulo mpaka tsiku limene inatsekedwa. Anzawo anakamira m'mowa, iwo anakamira mu laibulale, ndipo kumeneko ndi kumene anatengako matenda amene palibe dokotala wa ku Sheffield akanawachiza: mbiri ya dziko la France.

Osatinso mbiri yonse. Kachigawo kamodzi kokha, ka zaka khumi ndi zisanu. Ankatiuza kuti anthu a ku France anachotsa mfumu yawo n'kuidula mutu, anamenya nkhondo zaka zambirimbiri, kenako cha m'ma 1815 banja lachifumu lija linabwereranso pampando. Litangobwerera linatsitsa mbendera ya buluu, yoyera ndi yofiira imene timaiona pa mpira ija, n'kukweza yoyera, ina yopanda kanthu, ina yokhala ndi maluwa a kakombo a golide. Mu 1830 anthu anatopa nawo, mbendera ya mitundu itatu ija n'kubwereranso.

Ine nkhani zimenezi zinkandilowa khutu ili n'kutulukira linalo. Munthu wathamangira basi kuyambira m'mamawa, wina azikuuza za mafumu a eni ake amene anafa kalekale? Koma a Fyness ankamvetsera, ndipo tsiku lina anawadula pakamwa.

“Ifenso kwathu tinachitapo zimenezo, Mister Ernest. Tinadzuka tsiku lina n'kumva kuti dzuwa la pa mbendera lija lisakhalenso lotuluka, likhale lathunthu. Sipanapite zaka zambiri, akuti bwezerani lakale lija. Matelala okha ndi amene anasangalala.”

A Ernest anaseka mpaka kutsokomola. Anati zaka zonsezi akufotokozera Angerezi anzawo, munthu woyamba kumvetsa wachokera ku Malawi. Kuyambira pamenepo a Fyness anakhala munthu wawo. Ine ndinali chabe uja wogwira mbali inayo ya makina.

Ndiye panali mbendera yeniyeniyo. Inkakhala m'kabati, yokulungidwa m'mapepala ofewa. A Ernest anatiuza kuti malemu akazi awo ndi amene anaiona pamsika wa zinthu zakale ku France, pa ulendo wokhawo umene anapitako awiriwo, n'kuwagulira. Wogulitsayo analumbira kuti ndi ya silika, ya nthawi ya mafumu obwerera aja. Zaka makumi anayi a Ernest akhala akukangana za nsalu imeneyi ndi mnzawo wina dzina lake Sydney, wa m'kagulu kawo ka nkhalamba zokonda mbiri. A Sydney ankati ndi yabodza. A Ernest ankati a Sydney ndi wansanje. Atakalamba onse awiri, mwana wa a Ernest, mayi wotchedwa Clara, anapeza katswiri wa nsalu zakale ku Leeds amene anavomera kubwera kudzaiona kuti mkangano uthe aliyense asanalowe m'manda.

Chakudza sichiimba ng'oma. Kutatsala tsiku limodzi kuti katswiriyo abwere, a Clara anatenga bambo awo kupita nawo kuchipatala ku Sheffield, kumene anayenera kukhalako pafupifupi tsiku lonse. A Fyness anali ndi ntchito yokonza m'nyumbamo m'mawa umenewo. Potuluka a Ernest anawauza kuti, “Mukonze bwino, mayi, mawa kukubwera mlendo wofunika kudzaona mbendera yanga.”

Mawu amenewo kwa Mngerezi amatanthauza kupukuta fumbi pa TV. Kwa mwana wa dobi wa ku Limbe amatanthauza zina.

Mbendera ija inali itatulutsidwa kale, itayalidwa pa tebulo lodyera. A Fyness anali asanaionepo yotambasula. Anandiuza pambuyo pake zimene anaona. Nsalu imene ankaimva kuti ndi yoyera, ya mafumu, inali yofiirira ngati chiguduli cha pakhomo, madontho ali mbali zonse, ikununkha nkhungu. Chinawabwerera m'mutu ndi chimodzi: mlendo akubwera ulendo wonse kuchokera ku Leeds kudzaona chinthu ichi, adzapeza chili chonchi, ndipo adzafunsa kuti kodi bamboyu alibe omusamalira? Manyazi a a Ernest anawamva ngati awo. Anakwera nayo kubafa.

Ine ndinafika madzulo kuti tidikire limodzi a Ernest abwere tidzawagoneke. Nditatsegula chitseko ndinalandiridwa ndi fungo la jiki. M'khitchini ndinapeza a Fyness akuimba nyimbo ya Mvano chapansipansi, simbi ili m'manja, akusita nsalu yoyera mbee ya maluwa achikasu owala.

Chikwama chinandipulumuka.

“Anti, mwatani?”

“Taona wekha. Unali uve wosaneneka, Alinane. Madzi oyamba anachita kuda ngati tiyi wopanda mkaka. Ndatsukuluza kangapo. Mwayi wake lero kunali dzuwa ndi kamphepo, yauma msanga.”

“Anti, mwachapa mbendera? Ndi jiki?”

“Pang'ono pokha. Ndi madzi otentha. Nanga madontho aja akanachoka ndi pemphero?”

“Zili mu care plan, pa pepala la ntchito zathu lija, zimenezi? Anti, chinthu ichi akuti chili ndi zaka mazana awiri! Kuda kujatu ndi kumene katswiriyo akubwerera!”

Anaimika simbi. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana nsaluyo, n'kundiyang'ananso. Ndinaona nkhope yawo ikusintha pang'onopang'ono pamene nkhaniyo inkalowa. “Akubwera kudzaona litsiro?” anafunsa motsitsa mawu. Sanali kutsutsa ayi. Zoti padziko pano pali anthu amene amasunga litsiro mwadala, n'kumaitanirana alendo, zinali zisanawafikepo m'mutu chibadwire.

Tisanaganize chochita, galimoto inaima panja.

A Clara ndi amene anayamba kulowa, akukankha bambo awo pa mpando wa matayala. Anakuwa. Sindinamvepo Mngerezi akukuwa choncho m'nyumba, anthu amene ngakhale pamaliro amalira ngati akupepesa. A Fyness anayamba kufotokoza za mlendo, za manyazi, Chingerezi chikuwathawa. A Ernest anapempha kuti awapatse nsaluyo. Anaiyika pamiyendo, n'kuisisita, n'kuinunkhiza. Kenako anaigwira ndi manja awiri n'kuikoka mwamphamvu, kawiri konse. Nsalu ili gwa. Anafunsa a Fyness chimene anachapira, iwo n'kunena zoona zokhazokha, jiki, madzi otentha ndi simbi yomwe, ngakhale za madzi aja anada ngati tiyi. Bambo uja nkhope inachita kuyera ngati nsaluyo. Ananena kuti akufuna kukagona, ndipo usiku umenewo sanadye.

M'mawa mwake a Clara anauza katswiri uja kuti asabwere, palibenso choti aone. Anaimbiranso ku kampani yathu. Dzuwa lisanafike pamutu a Fyness anali ataimitsidwa ntchito kudikira kuti nkhani yawo ikambidwe. Mlandu wake unali woononga chuma cha mtengo wapatali cha munthu amene ankamusamalira.

Masiku amenewo m'nyumba mwathu munali ngati pasiwa. A Fyness sankadya, sankagona bwino, ndipo chimene chinandiopsa kwambiri n'choti sankachapa. Mbale zinkagona mu sinki. Luntha akaimba foni ankamuuza kuti ali pa holide. Tsiku lina ndinawapeza atakhala pa bedi, chikwama chawo chachikulu chija atachitsitsa pamwamba pa wadiropu, angochiyang'ana.

“Ndikafika ku Chirimba ndikanene kuti chiyani, Alinane? Kuti andithamangitsa ku UK chifukwa chochapa?”

Kunena zoona, ine ndemwe ndinali wokwiya nawo. Ndinkawakonda, koma ndinkafuna kuwagwedeza.

Kwa a Ernest ndinkapitabe, tsopano ndi mtsikana wina wa ku Zambia. Bamboyo anali atasiya nkhani za France. Madzulo ena mnzangayo atatsikira kukhitchini, ine ndikuwavula masokosi, anayamba kulankhula akuyang'ana kudenga.

“Ukudziwa chimene jiki amachita ndi silika? Amamudya. Silika wa zaka mazana awiri ukamuika m'madzi otentha a jiki, umatola nyenyeswa zokhazokha. Ija yatuluka yolimba kuposa malaya angawa. Ulusi wa maluwa aja sunasuluke n'komwe. Ndi wa m'fakitale, wa masiku ano.” Anapuma kaye. “Ndipo mnzako ananena kuti madzi anada ngati tiyi. Anali tiyi amene. Anainyika mu tiyi kuti ioneke yakale, n'kugulitsa kwa mkazi wanga.”

Ndinakhala kukamwa yasa, sokosi ili m'manja. “Ndiye kuti ndi yabodza?”

“Sydney ankanena zoona.”

Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe, sindibisa. “Ndiye mwawauza a Clara? Mwaiuza kampani?”

Atayankha, ndinalakalaka akanapanda kuyankha. Anati a Sydney anabwera dzulo lake kudzawapepesa, misozi ili m'maso, akunena kuti tsopano choonadi sichidzadziwikanso mpaka kalekale. Anati kagulu kawo konse kakuwamvera chisoni ngati munthu amene waferedwa. “Ndikangokhala chete,” anatero, “ndifa ndili munthu amene anali ndi mbendera yeniyeni, wantchito n'kumuonongera. Ndikalankhula, ndifa ndili chitsiru chimene chinapembedza nsalu ya patebulo zaka makumi anayi. Ndipo mkazi wanga akhala munthu amene anapusitsidwa pamsika.”

Pa maphunziro athu amatiuza kuti tisamakangane ndi anthu amene tikuwasamalira. Ine pakamwa panga sipanapiteko ku maphunziro amenewo. Ndinawauza kuti akakhala chete, mayi uja akwera ndege, ana awiri asiya sukulu, ndipo zonsezi zichitika kuti a Sydney asaseke. Ndinanena ndi mawu okweza kuposa mmene ndinayenera. Iwo anangotembenukira kukhoma n'kunena kuti ndizimitse nyali.

Ndinaganiza zokanena ndekha ku kampani. Koma ndani akanandimvera? Mnzake wa wolakwa, wogona naye nyumba imodzi, akuti nkhalamba inamuuza ali awiri kuchipinda. A Ernest akanangokana, ine n'kukhala wachiwiri kulongedza. A Fyness sindinawauze kanthu. Kupatsa munthu chiyembekezo chimene chili m'kamwa mwa munthu wina ndi nkhanza.

Tsiku lokamba mlandu linafika. Manejala wathu, bambo wina dzina lake Daniel, anati tikakumane kunyumba kwa a Ernest chifukwa mwini katundu anapempha kuti akhalepo. A Fyness analoledwa kubwera ndi munthu mmodzi, n'kutenga ine. Anavala diresi yawo ya ku tchalitchi, ndipo kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni ndinaona kolala yawo ili yosasita.

Tinakhala mozungulira tebulo lomwe lija. A Clara analankhula nthawi yaitali, ndipo sindingawanene kuti ndi munthu woipa. Anati chinthu chokhacho chimene mayi awo anasiyira bambo awo chaonongedwa ndi munthu amene sanafunse n'komwe. Anati munthu wotere sayenera kulowanso m'nyumba ya nkhalamba iliyonse. A Fyness atapatsidwa mpata anangoti, “Ndinalakwa. Ndinkafuna mlendo asawaseke.” Basi. A Daniel anayang'ana a Ernest n'kufunsa ngati ali ndi choonjezera. Ine ndinali nditaluma mlomo, maso ali pa bamboyo, iye osafuna kundiyang'ana.

Kenako a Ernest anati, “Clara, kabweretse nsalu ija.”

Ataibweretsa, anaiponya pakati pa tebulo ngati chopukutira mbale. Anafotokoza zonse zimene anandiuza zija, za jiki, za ulusi, za tiyi, mawu ali phwa ngati akuwerenga za munthu wina. Anati mayiyu sanaononge chuma chilichonse chifukwa chuma panalibe. Anati ngati kampani ikufuna kulemba mtengo wa chimene chachapidwa, ilembe mtengo wa nsalu ya patebulo, ndipo ilembenso kuti yachapidwa bwino.

A Clara anagwira pakamwa. “Dad, mwadziwa liti zimenezi?”

“Tsiku lomwelo. Nditangoikoka.”

“Ndiye masiku onsewa munangokhala chete, ine ndikuimba mafoni?”

“Eya,” anatero a Ernest. “Ndipo Sydney ndimuuza ndekha. Wina asandiuzire.”

A Daniel anakanda m'mutu, n'kunena kuti kugwira katundu wa munthu osafunsa ndi kulakwa ndithu, ndipo a Fyness alandira chenjezo. Koma ntchito abwerera mawa lake.

A Fyness sanamve bwino poyamba, mpaka ndinawabwerezera m'Chichewa. Atamva anatsetsereka pampando n'kugwada pa kapeti patsogolo pa a Ernest, manja ali pamodzi, monga tichitira kwathu pothokoza munthu wamkulu. Angerezi atatu aja anachita kudzidzimuka. A Daniel anaimirira akuganiza kuti mayiyo wakomoka.

“Dzukani, mayi, chonde dzukani,” anatero a Ernest. Anadikira mpaka a Fyness atakhalanso pampando. Kenako anatembenukira kwa manejala. “Ndili ndi pempho limodzi. Musadzawatumizenso kuno.”



“Sindinakukwiyireni,” anapitiriza, tsopano akuyang'ana a Fyness. “Simunandilakwire, mayi. Mwa onse amene alowa m'nyumba muno, inu ndi amene ndinkakudikirani. Koma ndikamakuonani pakhomopo ndizikumbukira, ndipo masiku amene anditsalira ndi ochepa. Ndiloleni ndiwakhale osakumbukira m'mawa uliwonse.”

A Fyness anangogwedeza mutu. Tinatsanzika, n'kutuluka.

Tinayenda mpaka pa siteji ya basi. Ine mumtima ndinali ndikuvina: viza yapulumuka, ana apitiriza sukulu, chikwama chibwerera pamwamba pa wadiropu. Nditacheuka kuti ndiwauze zimenezo, ndinapeza misozi ikungoyenderera m'masaya mwawo, osaipukuta n'komwe.

“Anti, ntchito ija ilipotu. Mwamva?”

“Ndamva.”

“Nanga mukulira chiyani?”

Anayang'ana kumene tinachokera, ku mzere wa nyumba za njerwa zofiira zofanana zokhazokha.

“Munthu uja anali ndi chinthu chimodzi chokha, Alinane,” anatero. “Wandigulira ntchito ndi chinthu chomwecho.”

Basi inabwera, tinakwera. Mawa lake anawapatsa nkhalamba zina za kutsidya lina la tawuni, ndipo pakhomo pa a Ernest sanapondeponso.